Malonda akuyenda koma ndalama sizikuoneka: kodi Power BI ingandithandize?

"Ndili ndi mashopu awiri a hadiweya, ina pa Kasungu boma, ina pa Mponela. Timagulitsa simenti, malata, penti, misomali ndi mapaipi, ndipo mvula ikayandikira timaikako feteleza ndi mbewu. Chaka chilichonse ndalama zomwe timagulitsa zikukwera, koma nthawi yokaoda katundu ikafika ndimapezeka ndilibe zokwanira, mpaka ndimathamangira kubanki kukatenga ovadirafiti. Mwana wa achimwene anga, yemwe wangomaliza maphunziro a zamakompyuta, akuti ndikuyendetsa bizinesi mumdima ndipo ndikufunika business intelligence ndi data analytics. Wandionetsa zithunzi zokongola za Power BI pa laputopu yake. Palinso kampani ina yomwe yandiuza mtengo wondikonzera zimenezi, ndipo si ndalama zochepa. Zolemba zanga zili m'makope, m'mabuku a malisiti, ndi pang'ono pa Excel. Kodi zinthuzi zingandithandizedi kukonza ndondomeko ya ndalama, kapena ndi za makampani akuluakulu? Ndiyambire pati?"

Mayi wa bizinesi, Kasungu

Mayi, choyamba mtima ukhale m'malo. Zomwe mwafotokozazi sizikutanthauza kuti bizinesi yanu ikugwa kapena kuti malonda simuwatha. Munthu amene wasunga mashopu awiri m'zaka zomwe kwacha yachepetsedwa mphamvu mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023, mafuta a galimoto akusowa, ndalama zakunja zikuvuta, ndi munthu wodziwa ntchito yake. Dandaulo lanuli ndalimva kwa eni mabizinesi ambiri amene ndakhala nawo pansi kuwerengera ndalama zawo: a hadiweya, opikulitsa shuga ndi zakumwa, ogulitsa mankhwala, a zigayo. Onse amanena chimodzimodzi, kuti makasitomala sakusowa, anyamata a pakauntala sakupuma, koma tsiku lokaoda likafika ndalama zaperewera. Vutoli lili ndi zifukwa zodziwika, ndipo zifukwazo zili kale m'makope anuwo.

Mwana wa achimwene anuyo sakunama. Chimene akuchitcha business intelligence n'kusonkhanitsa pamalo amodzi zonse zimene bizinesi imalemba tsiku ndi tsiku, monga malisiti a zogulitsa, mainvoisi a komwe mumaoda, sitetimenti ya kubanki, ya Airtel Money ndi ya TNM Mpamba, kope la angongole ndi malipiro a antchito, n'kuzisanja kuti mwini wake aziona msanga momwe zinthu zilili. Data analytics ndiye kuzifunsa mafunso ziwerengerozo: katundu uti akubweretsa phindu lenileni, uti akungogona, ndani akusunga ndalama zanga, ndi mwezi uti ndidzasowe ndalama. Mabanki, makampani a mafoni ndi masitolo akuluakulu amachita zimenezi ndi makompyuta amphamvu chifukwa amalemba mizere mamiliyoni, koma nzeru yake ndi imodzi, ndipo shopu ya pa Mponela ikuifuna mofanana ndi banki. Pomwe ndikusiyana naye mnyamatayo ndi poyambira. Power BI sipanga ziwerengero, imangojambula zomwe mwaipatsa. Mukaipatsa zolakwika idzakujambulirani zolakwikazo mokongola, ndipo munthu amakhulupirira msanga chithunzi chowala kuposa kope lothimbirira. Ndiye kampaniyo musailipire kaye. Pali ntchito ya miyezi itatu kapena inayi yoti muigwire ndi Excel yomwe muli nayo kale, ndipo mwina pomaliza ntchitoyo mudzakhala mutapeza komwe ndalama zikulowera.

Chiganizo chanu chimodzi chandiimitsa, chija mwati chaka chilichonse ndalama zomwe mumagulitsa zikukwera. Zikukwera m'makwacha, inde. Nanga m'matumba a simenti? Nanga malata otuluka pakhomo, zitini za penti? M'dziko lomwe mitengo ikukwera mofulumira, kuyeza bizinesi ndi makwacha okha kumanamiza. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Chaka chonse cha 2024, kukwera mitengo kwa zinthu komwe National Statistical Office ku Zomba imalengeza mwezi ndi mwezi kunali cha m'ma 30 peresenti. Tiyerekeze kuti m'chaka chotere ndalama zogulitsa zanu zakwera ndi 20 peresenti, pomwe mitengo ya katundu wanu yakwera ndi 30 peresenti. Ndiye kuti katundu amene mwagulitsadi watsika ndi pafupifupi 8 peresenti. Buku likuti mwakula, pomwe bizinesi yachepa.

Mkati mwa nkhani yomweyi muli china chomwe chimadya mpamba wa anthu ambiri mwakachetechete. Tingoyerekeza manambala. Mwaoda matumba 100 a simenti pa K20,000 thumba, mwagulitsa pa K23,000. M'kope mwalemba phindu la K3,000 pa thumba, K300,000 yonse pamodzi. Mwatapapo ya fizi, ya lendi, mwina ndi yotumiza kumudzi, chifukwa ndi phindu. Mukupita kukaodanso, mukupeza thumba lafika pa K24,000. Ngakhale mukanapanda kutapapo kanthu, K2,300,000 yanu ikanagula matumba 95 okha. Popeza K300,000 ija yapita, mwatsala ndi K2,000,000, yomwe ikugula matumba 83. Munayamba ndi 100. Apa m'pomwe ovadirafiti, ngongole yotapa kubanki kupitirira ndalama zomwe zili mu akaunti, imalowera, kuti mubwezeretse matumba 17 aja, ndipo matumbawo tsopano akubwera ndi chiwongoladzanja. Zikachitika kanayi kapena kasanu pachaka, pa katundu wamitundumitundu, mwini shopu amangodabwa, n'kuyamba kukayikira antchito pomwe palibe amene waba.

Choncho lipoti loyamba lomwe ndikufuna mnyamatayo akukonzereni likhale tebulo wamba, lopanda zithunzi, losonyeza pa katundu aliyense kuchuluka kwa zomwe zatuluka mwezi uliwonse, mtengo womwe munagulira, mtengo womwe mungagulire lero, ndi mtengo womwe mukugulitsira. Phindu loti muzidalira pokonza bajeti ndi kusiyana kwa mtengo wogulitsira ndi mtengo wokaodera lero, mutaphatikizapo thiransipoti ndi ya otsitsa katundu. Phindu lowerengedwa pa mtengo wakale lili ndi ntchito yake kwa akauntanti ndi ku MRA, koma musalitenge ngati ndalama yoti mutape. Izi zikutanthauza kuti sabata iliyonse wina aziimba foni komwe mumaoda kufunsa mitengo ya katundu wanu wamkulu, ngakhale simukuoda sabata imeneyo. Musadalire zoti simenti ina imapangidwa m'dziko momwemuno, chifukwa dizilo wonyamulira ndi zitsulo za makina zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndiye kwacha ikagwa nayonso imakhudzidwa. Sindikunena kuti muzikweza mitengo mosaganizira anthu. Pa boma pali mahadiweya ena, makasitomala amayerekeza, ndipo Competition and Fair Trading Commission imayang'anira okweza mitengo popanda chifukwa. Ndikunena kuti mukasankha kugulitsa motsika, muzidziwa kuti mwasankha nokha komanso kuti zakudyerani zingati.

Ndalama zina zimagona pa mashelefu. Pa hadiweya pamakhala mitundu ya katundu mazanamazana, koma mukaisanja kuyambira wobweretsa phindu lalikulu kutsika m'munsi, mudzaona kuti mitundu yochepa, mwina makumi awiri kapena atatu, ndiyo ikunyamula shopu yonse. Anthu a zamalonda amatchula lamulo la 80 ndi 20, lomwe limatchedwa ndi dzina la katswiri wa zachuma wa ku Italy, Vilfredo Pareto. Manambala akewo sakwana ndendende nthawi zonse, koma sindinaonepo shopu yomwe katundu wake yense amayenda mofanana. Pa Excel, chida chophatikiza ndi kusanja ziwerengero chotchedwa pivot table chimatulutsa mndandanda umenewu m'mphindi zochepa. Kenako pa katundu aliyense funsani kuti zomwe zili mu sitoko lerozi, malinga ndi momwe zikutulukira, zitenga masiku angati kuti zithe. Ngati muli ndi zitini 120 za penti ya mtundu wina ndipo mumagulitsa 10 pamwezi, muli ndi penti ya chaka chathunthu. Nthawi yomweyo mwina misomali ya malata imatha sabata iliyonse, kasitomala n'kupita kwa mnzanu, n'kukagula ndi malata omwe komweko.

Katundu wogona amadya ndalama. Mu Febuluwale 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo wabizinesi wamba kawirikawiri amakongola kubanki pamwamba pa apo. Tiyerekeze kuti ovadirafiti yanu ili pa 30 peresenti pachaka. Katundu wa K5 miliyoni akagona miyezi 6, wakudyerani K750,000 ya chiwongoladzanja asanasunthe pa shelefu. Koma apa pakufunika nzeru za mwini shopu, zomwe kompyuta ilibe. Nthawi yomwe mitengo ikukwera, kusunga malata kapena mapaipi kungakhale kwabwino kuposa kusunga makwacha, chifukwa saonongeka msanga ndipo mtengo wake umakwera. Simenti ayi, ikakhala miyezi ingapo, makamaka nthawi ya dzinja, imakoka chinyezi n'kuchita miyala. Mbewu nyengo yake ikadutsa ndiye kuti mwaluza. Penti ya mtundu womwe anthu saukonda imangokhala. Tebulo lija likuthandizeni kusiyanitsa katundu amene mwamusunga dala ndi ndalama zanu, ndi amene wangounjikana mosadziwa ndi ndalama za banki.

Ndiye pali kope lija la angongole. Pa hadiweya silisowa: makontirakitala odikira kulipidwa ndi omwe akuwamangira, komiti ya zomangamanga ya kutchalitchi, sukulu, mlimi wa fodya amene watenga malata kuti adzalipira akagulitsa ku Chinkhoma, komanso abale. Kope limasonyeza yemwe ali ndi ngongole yochuluka, koma silisonyeza bwino yemwe waisunga nthawi yaitali. Gawani ngongolezo m'magulu anayi: zosapitirira masiku 30, za masiku 31 mpaka 60, za 61 mpaka 90, ndi zopitirira 90. Gulu lomalizali limadzidzimutsa anthu. Kasitomala amene mumamuona ngati wamkulu kuposa onse nthawi zina amapezeka kuti ndiye akukulowetsani m'ngongole, chifukwa amatenga katundu wambiri, pamtengo wochotsera, n'kudzalipira patatha miyezi inayi ndi makwacha ofooka, pomwe komwe inu mumaoda amafuna ndalama pompopompo. Phatikizani masiku omwe katundu amakhala mu sitoko ndi masiku omwe angongole amatenga, muchotsepo masiku omwe okuodetsani amakudikirani. Nambala yotsalayo ndi masiku omwe ndalama yanu imakhala kunja isanabwerere m'manja mwanu. Ikakhala 70 kapena 90, malonda akamakula kusowa kwa ndalama kumakulanso, chifukwa katundu aliyense wowonjezera mumayamba mwamulipira inu, n'kumadikira.

Ndinene ichi ngakhale simunafunse. Ndalama zomwe mumatapa pa shopu kugulira ndiwo, kupepesa maliro kapena kulipira kuchipatala zilembedwe zonse pa mzere wakewake. Sindikuletsa kutapa, bizinesi munaiyambira zomwezo. Koma zikapanda kulembedwa, lipoti lililonse lidzasonyeza ndalama zosowa, ndipo mudzazifunafuna kolakwika. Dziikireni malipiro a pamwezi monga mumachitira ndi antchito, ndipo nambala ya foni yolandirira ndalama za shopu isiyane ndi yanu ya kunyumba.

Tsopano ntchito ya miyezi itatu ija. Gawo lake lalikulu ndi lotopetsa, ndipo ogulitsa mapulogalamu salitchula kawirikawiri: kukonza zolembedwa. Ndikatsegula makope a mashopu ngati anu, katundu mmodzi ndimamupeza ndi mayina atatu. Mnyamata wa pa Kasungu walemba kutalika kwa lata, wa pa Mponela walemba geji, kapena kuti kukhuthala kwa latalo, inu mwalemba dzina la kampani yopanga. Kompyuta imaona mitundu itatu. Katundu aliyense apatsidwe dzina limodzi ndi nambala imodzi, ndipo mashopu onse awiri azilemba zomwezo. Chogulitsidwa chilichonse chikhale mzere umodzi wokhala ndi tsiku, shopu, katundu, kuchuluka, mtengo, njira yolipirira, ndi dzina la wogula ngati ndi ngongole. Katundu wochoka pa Kasungu kupita pa Mponela alembedwe ngati wosamutsa, apo ayi mudzawerenga malonda kawiri. Ngati munalembetsa VAT, ichotseni pa ndalama zogulitsa musanawerenge chilichonse, chifukwa imeneyo mwangoisungira MRA. Sabata iliyonse yerekezani zomwe zalembedwa kuti zagulitsidwa ndi ndalama zomwe zalowadi, za pamanja, za pafoni ndi za kubanki, ndipo mwezi uliwonse werengani sitoko ndi manja. Za m'mbuyo musavutike kulowetsa zonse. Tengani katundu wanu wamkulu yekha, mubwerere naye zaka ziwiri, kuti muone momwe nyengo zimayendera.

Izi zikatheka mukhoza kupanga chida chomwe ine ndimachiona chofunika kuposa dashboard iliyonse (tsamba la pakompyuta loonetsa manambala ndi zithunzi za bizinesi pamodzi), chomwe ndi ndondomeko ya ndalama zolowa ndi zotuluka ya masabata 13 akutsogolo. Masabata 13 ndi miyezi itatu, nthawi yomwe munthu angathe kulosera popanda kulota. Pa Excel sabata iliyonse ikhale ndi mzere wake wotsika. Pamwamba lembani ndalama zomwe muyambe nazo sabatayo. Kenako lembani zomwe zilowedi m'manja. Kontirakitala amene mbiri yake ikusonyeza kuti amalipira patatha masiku 75 mumuike pa masiku 75, ngakhale analonjeza 30. Pansi pake pabwere zotuluka, chilichonse pa sabata yake: kuoda, thiransipoti, lendi, malipiro a antchito ndi anu aja, penshoni yomwe wolemba ntchito amaikapo 10 peresenti, magetsi, kubweza ngongole ya kubanki, ndi misonkho. PAYE, msonkho wodula pa malipiro a antchito, ndi withholding tax, msonkho womwe mumadula polipira ena, zimafunika pofika pa 14 mwezi wotsatira, VAT pofika pa 25, ndipo provisional tax, msonkho wa phindu wolipiriratu chaka chisanathe, imabwera miyezi itatu iliyonse. Masiku amenewa amadziwika kale, koma ndi omwe amagwira anthu modzidzimutsa chifukwa sanawalembe paliponse.

Mzere womaliza ndi ndalama zotsala. Sabata yomwe nambala imeneyi ikutsikira pansi pa ziro mumaiona kudakali masabata 6 kapena 8, ndipo mumakhala ndi mpata wochepetsa oda, kulondalonda angongole, kutsitsa mtengo wa penti yogona ija kuti ituluke, kapena kukakambirana ndi banki modekha. Lolemba lililonse muzilemba zomwe zachitikadi pambali pa zomwe munalosera, n'kuwonjezera sabata ina kumapeto. Masabata oyamba mudzaphonya kwambiri, ndipo musataye mtima. Pomwe mwaphonyapo m'pomwe mudzadziwire kasitomala amene sasunga lonjezo ndi ndalama zotuluka zomwe mumaziiwala mwezi ndi mwezi.

Polosera zogulitsa musayerekeze mwezi uno ndi mwezi watha. Malonda a hadiweya ku Kasungu ndi ku Dowa amatsatira munda. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo ndalama zimayamba kuyenda, m'chilimwe anthu amaumba ndi kuotcha njerwa, amathamangira kufolera nyumba mvula isanagwe, kuyambira Okutobala mpaka Disembala maganizo amakhala pa feteleza ndi mbewu, ndipo Januwale ndi Febuluwale fizi ndi chakudya zimatenga zonse. Juni muzimuyerekeza ndi Juni wa chaka chatha, ndipo muziyerekeza matumba ndi malata musanayerekeze makwacha. Samalaninso ndi zaka zachilendo. Mu Malichi 2024 ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Kompyuta ikaphunzira pa chaka chotere popanda woiuza, idzalosera ngati kuti chaka chilichonse chidzakhala chomwecho. Feteleza ali ndi vuto lakelake, chifukwa malonda ake amadaliranso momwe pulogalamu ya boma ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo yayendera chaka chimenecho, ndipo zimenezo sizili m'makope anu.

N'chifukwa chake ndondomeko imodzi siikwana. Pa tebulo lomwelo pangani zitatu. Yoyamba ndi ya zinthu zikayenda monga mwa masiku onse. Yachiwiri ndi ya kwacha ikagwanso, katundu wokaoda n'kukwera ndi 25 peresenti sabata imodzi. Yachitatu ndi ya mvula ikavuta kapena fodya akagulidwa motsika, malonda n'kutsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, angongole n'kumachedwanso. Palibe amene akudziwa za mawa, koma mudzadziwiratu kuti pa zitatuzi chomwe chingakugwetseni ndi chiti, ndalama zoti muzisunga padera ndi zingati, ndiponso malire a ovadirafiti omwe simuyenera kuwadutsa. Kubanki, wabizinesi wobwera ndi pepala lotere amamvedwa mosiyana ndi wobwera Lachisanu masana kunena kuti lole ya simenti yafika.

Zonsezi muzizionanso pa shopu iliyonse payokha, ndi lendi yake, antchito ake ndi thiransipoti yake. Si zachilendo kupeza kuti shopu imodzi yakhala ikudyetsa inzake kwa zaka. Mukapeza zotere musathamangire kutseka, chifukwa mwina shopu yofookayo ndi yomwe imakuthandizani kuoda katundu wambiri pamtengo wabwino.

Nanga Power BI ilowe liti? Ilowe zolembedwa zikakhala zolongosoka kwa miyezi ingapo, ndipo mukaona kuti kuphatikiza mafayilo a mashopu awiri, a kubanki ndi a pafoni kukudya tsiku lathunthu sabata iliyonse. Pamenepo imathandizadi, chifukwa imakoka mafayilowo yokha n'kukonzanso malipoti popanda wina kuyambiranso. Power BI Desktop ya Microsoft ndi yaulere, koma imayenda pa Windows pokha, ndipo kuti anthu angapo aziona malipoti pa intaneti kapena pafoni pamafunika laisensi yolipira, yomwe mtengo wake umatsatira dola. Looker Studio ya Google ndi yaulere ndipo imagwirizana bwino ndi Google Sheets, koma imafuna intaneti nthawi zonse. Kwa mashopu ngati anu, ndalama yoyamba ndingakonde ipite ku pulogalamu ya pakauntala yolemba zogulitsa ndi sitoko nthawi imodzi, kapena ya maakaunti monga QuickBooks kapena Sage, chifukwa imeneyo ndiyo imatulutsa ziwerengero zodalirika tsiku ndi tsiku. Sankhani yomwe imagwira ntchito ngakhale netiweki itaduka, ndipo muganizire za batire kapena sola magetsi akazima. Dashboard ikadzabwera, tsamba lake loyamba likhale ndi manambala ochepa omwe mungachitepo kanthu sabata yomweyo: ndalama zomwe zilipo, sabata yomwe zidzaperewere, ngongole zopitirira masiku 60, katundu amene watsala pang'ono kutha, ndi phindu pa mtengo wokaodera lero.

Mukadzabwerera kwa a kampani aja, auzeni mafunso anu, n'kuwapempha ayankhe limodzi lokha pogwiritsa ntchito ziwerengero zanu zenizeni za mwezi umodzi musanasaine chilichonse. Funsani kuti zolembedwa zakale akonze ndani, ngati mtengowo ukuphatikiza kuphunzitsa antchito, ngati malipiro a chaka ndi chaka ali m'makwacha kapena m'madola, ndiponso ngati mukadzasiyana nawo mudzatenga mafayilo anu otseguka pa Excel. Mayankho awo alembedwe mu mgwirizano. Kwa mnyamatayo n'chimodzimodzi, ngakhale ndi mwana wanu. Mumulipire pa ntchito yake, alembe momwe wapangira zinthu, aphunzitse munthu wina wa pa shopu, ndipo maakaunti ndi mapasiwedi zikhale m'dzina lanu, chifukwa tsiku lina adzapeza ntchito ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

PIN ya kubanki kapena ya pafoni musapatse aliyense, wokonza malipoti amafunika sitetimenti yokha. Mayina, manambala a foni ndi ngongole za makasitomala ndi zinsinsi za anthu, ndipo kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act, lomwe MACRA imayang'anira. Musalole kuti mndandanda wa angongole uzizungulira pa magulu a WhatsApp, kapena kuikidwa m'mapulogalamu a AI monga ChatGPT mayina ali pomwepo. Mapulogalamu amenewa amathandiza kulemba mafomula a Excel, koma nambala iliyonse yomwe akupatsani muiyese ndi kakyuleta pa malisiti angapo musanaikhulupirire. Mafayilo muzisunga malo awiri, laputopu imabedwa ndiponso imafa. Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi antchito. Lipoti likasonyeza kuti matumba 12 akusowa, silinanene kuti wina waba. Mwina anasamutsidwa osalembedwa, mwina lisiti yalowetsedwa kawiri, mwina anang'ambika potsitsa. Ndaonapo anthu okhulupirika akuchotsedwa ntchito chifukwa cha mzere umodzi wolakwika, ndipo mbiri yawo pa boma sinabwererenso. Fufuzani mapepala onse musanatchule munthu dzina.

Pali nthawi zomwe Excel ndi mnyamatayo sizikwana, ndipo musachedwe kupeza akauntanti wolembetsedwa ku Institute of Chartered Accountants in Malawi. Pitani ngati kwa miyezi iwiri yotsatizana zogulitsa sizikugwirizana ndi ndalama zolowa ndipo chifukwa chake sichikupezeka. Pitani ngati mwayamba kuodera katundu ndalama za VAT, za PAYE kapena za penshoni ya antchito, chifukwa chindapusa ndi chiwongoladzanja chake zimakula msanga, ndipo ndi bwino kupita ku MRA nokha ndi akauntanti wanu kusiyana ndi kudikira kalata. Pitani ngati mukukongola kwina kuti mubweze kwina, makamaka ngati maganizo a katapila ayamba kubwera. Chizindikiro china chomwe anthu sachiona ndi ovadirafiti yomwe siibwerera pa ziro ngakhale nthawi ya fodya. Imeneyo yasanduka mpamba wokhazikika wodula, ndipo akauntanti angakuthandizeni kukambirana ndi banki kuti isinthidwe kukhala ngongole yobweza pang'onopang'ono. Ngati banki ikufuna nyumba kapena malo ngati chikole, onaninso loya musanasaine.

Popita kwa akauntantiyo nyamulani masitetimenti a kubanki ndi a pafoni a miyezi 12, mainvoisi a komwe mumaoda, kope la angongole, kalata ya ovadirafiti yosonyeza chiwongoladzanja ndi zolipira zina zonse, ndi sitoko yomwe mwawerenga ndi manja sabata yomweyo. Mnyamatayo mupite naye kuti amve zomwe akauntanti akufuna. Pa tsiku loyamba pemphani kuti akuwerengereni matumba a simenti ndi malata omwe mpamba wanu ungagule lero, poyerekeza ndi zaka ziwiri zapitazo, ndiponso kuti mudzaze limodzi masabata anayi oyamba a ndondomeko ija.